Mphotho ya Mphunzitsi Ili Pansi Pompano

Pali mawu amene aphunzitsi a kuno kwathu anatopa nawo koma sachoka pakamwa pa anthu, akuti mphotho ya mphunzitsi ili kumwamba. Amamveka pa misonkhano ya makolo, pa maliro a mphunzitsi, ngakhalenso pa 5 Okutobala pamene maiko amakumbukira aphunzitsi, ndipo wonenayo amayesa akuyamikira. Ine ndimaona kuti mawuwa amalakwa pawiri. Poyamba amapeputsa ngongole imene boma ndi ife makolo tili nayo, chifukwa munthu amene wamulonjeza malipiro a kumwamba sumuchitiranso manyazi ukamuchedwetsera a pansi pano. Kachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga, amanamizira uphunzitsi ngati ntchito yopanda chokoma chilichonse, mtanda wongosenza mpaka kumanda. Chikhalirecho mphotho yake imaonekera pompano, m'kalasi ya fumbi, dzuwa lisanafike pamutu, ndipo munthu akhoza kuiloza ndi chala. Chovuta n'chakuti mphothoyi ndi yosachedwa kusweka ngati dzira, ndipo zinthu zimene zimaiswa takhala tikuwaunjikira aphunzitsi kwa zaka zoposa 30 tsopano.

Kuti tiione bwino, tilowe mu Sitandade 1 chaka chili pakati. Mwana wa zaka 6 kapena 7 wakhala pansi, kope lili pabondo, pensulo yatsala ngati chala chake chaching'ono. Miyezi yonseyi wakhala akuimba a, e, i, o, u pamodzi ndi anzake, koma kuimba si kuwerenga. Mwana akhoza kuloweza tsamba lathunthu n'kumalilakatula buku litazondoka. Tsiku lina aphunzitsi alemba mo pa bolodi, asiya kampata, alemba to. Mwana uja aika chala pa kope, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka, abwereza, abwerezanso, kenaka maso tong'o: "Moto!" Wazindikira kuti tizizindikiro tinayi timene tili pa bolodi tikunena chinthu chomwe amayi ake anasonkha m'mawa pophika phala. Chichewa chili ndi ubwino wakuti chimalembedwa pafupifupi momwe chimatchulidwira, choncho mwana akangotulukira chinsinsi cholumikiza maphatikizo, sagwirikanso. Akamaweruka amawerenga chikwangwani cha golosale, thumba la feteleza, dzina lolembedwa kumbuyo kwa minibasi. Zopunthwitsa zikadalipo kutsogolo: b ndi d zimene zimamutembenukira, mph ndi nkh, ndi kakoma kaja kamene kamasiyanitsa ng'oma ndi ngoma, ina yoimba ina nyama ya m'tchire. Koma khomo latseguka, ndipo mphunzitsi amene anali tcheru amadziwa tsiku ndi ola limene linatseguka. Ndi ntchito zochepa kwambiri zimene zimapatsa munthu mwayi woona chipatso chikupsa iye akuyang'ana. Komanso chipatso chimenechi sichiwola. Chimanga chimafumbwa m'nkhokwe, nyumba imagwa ndi mvula, kwacha imagwa mphamvu usiku umodzi, koma munthu amene wadziwa kuwerenga palibe angamulande.

Chokoma china cha ntchitoyi sichitchulidwa kawirikawiri chifukwa anthu amaganiza kuti kuphunzitsa ana aang'ono sikufuna nzeru zambiri. Taonani mwana amene wapatsidwa 32 kuchotsapo 17, iye n'kulemba 25. Mphunzitsi wotopa angoika mtanda wofiira n'kupitirira. Mphunzitsi amene ntchito yamulowa m'magazi amaima, chifukwa 25 sanagwe kuchokera kumwamba: mwanayo waona kuti 2 sangachotsedwepo 7, ndiye watembenuza n'kuchotsa 2 pa 7, kenaka 1 pa 3. Si ulesi umenewo, ndiponso si umbuli. Ndi lamulo limene mwana wadzipangira yekha, ndipo adzalitsata mokhulupirika pa samu iliyonse mpaka wina atalitulukira. Mankhwala ake ali m'thumba la pulasitiki lili pakona ya kalasi: timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, kapena zitsekerero za mabotolo, zomwe ku koleji amazitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pamalopo. Mwana akamasula mtolo umodzi ndi manja ake n'kuona kuti watsala ndi mitolo iwiri ndi timitengo 12, kubwereka pochotsera kumasiya kukhala matsenga. Ntchito imeneyi njofanana ndi ya makaniko womvetsera kulira kwa injini, kusiyana kwake n'kwakuti injini ya mphunzitsi imayankha, imaseka, nthawi zina imakwiya. Onjezanipo nkhani ya zinenero. Chichewa chinakhala chinenero cha dziko mu 1968, koma mwana wa ku Mangochi amabwera ndi Chiyao, wa ku Nsanje ndi Chisena, wa ku Rumphi ndi Chitumbuka, ndipo onsewa Chingerezi chikuwadikira. Mphunzitsi amene amawolotsa mwana pa mitsinje iwiri kapena itatu yotere akugwira ntchito ya ubongo yoposa ya anthu ambiri okhala m'maofesi ozizira, ndipo iye mwini amadziwa zimenezo ngakhale wina asamuuze.

Ndikudziwa chimene wowerenga wina wayamba kale kunena: chikhutiro sichidyedwa. Akunena zoona, ndipo sindikufuna kumuzemba. Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale amatha mwezi usanafike pakati. Ambiri amalandira zotsala pambuyo poti mabungwe obwereketsa ndalama adula zawo, ena ali m'manja mwa akatapila. Wa kumudzi amawononga tsiku ndi ndalama ya thiransipoti kupita ku boma kukaima pa mzere wa banki. Nyumba za aphunzitsi n'zochepa, zina zodontha. Munthu amakhala pa giredi imodzi zaka zambirimbiri osakwezedwa, ndipo achinyamata omaliza maphunziro a IPTE m'makoleji monga a Kasungu, Karonga, Machinga ndi Blantyre akhala akudikira zaka asanalembedwe ntchito, pamene makalasi akusefukira. Mu 2021 bungwe la Teachers Union of Malawi linatsogolera sitalaka yofuna ndalama za chiopsezo pa nthawi ya Covid-19, ndipo sukulu za boma zinaima. Zonsezi n'zoona, koma sizigwetsa mfundo yanga, chifukwa tikunena za mabuku awiri a ngongole. Malipiro ndi mangawa a wolemba ntchito. Chikhutiro chimachokera m'ntchito mwenimwenimo. Mmisiri akhoza kunyadira chitseko chimene wapala bwino kwinaku akukalipira mwini nyumba amene sanamulipire, ndipo palibe amene anganene kuti kukalipako kukusonyeza kuti sakonda matabwa. Cholakwika chimabwera pamene olamulira atenga buku lina n'kufafanizira linzake, n'kumati popeza ntchitoyi ndi mayitanidwe, aphunzitsi apirire. Namwino ali ndi mayitanidwe, woweruza milandu nayenso ali nawo, nanga bwanji ulaliki wa kupirira umakomera aphunzitsi okha?

Komabe ndikuona kuti pokangana za malipiro timaphonya chinthu chimene chawononga kwambiri chisangalalo cha ntchitoyi, ndicho kuchuluka kwa ana m'kalasi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu choyenera, ndipo aliyense amene amalakalaka masiku a fizi aiwala ana amene ankatsala akuweta mbuzi anzawo ali m'kalasi. Koma walira mvula walira matope: makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinakule pa liwiro limenelo, ndipo lero ana a ku pulayimale apitirira 5 miliyoni. Boma lenilenilo limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, chiwerengero chimene n'chachikulu kale, koma m'makalasi oyambirira si zachilendo kupeza ana oposa 100. Tiyeni tiwerengere limodzi. Phunziro la mphindi 30 mukaligawira ana 120, aliyense apeza masekondi 15, ndipo apo aphunzitsi sanafotokoze kalikonse, sanaletse ndewu, sanaperekeze wodwala m'mimba. Kuchonga makope 120, mphindi imodzi pa kope, ndi maola awiri pa phunziro limodzi lokha. Munthu wanzeru zake akakumana ndi samu yotere amachita chimene chingatheke: amaimbitsa kalasi yonse, onse pamodzi, kawiri, katatu, ndipo phokoso lake limamveka ngati kuphunzira. M'kati mwa khamu limenelo mwana wina amatulukira ndithu kuti mo ndi to ndi moto, koma palibe amene wamuona, ndipo wina wolemba 25 uja amakwera naye 25 wakeyo mpaka Sitandade 4. Chimene kalasi yodzaza imayamba kuba ndi mphotho ija, mwayi woona mwana mmodzi akusintha. Mphunzitsi amene akuti ntchito yamukola, nthawi zambiri sakunena za ana. Akunena kuti wakhala zaka akuthira madzi m'dengu osaona pamene akuthera. Ichi ndicho chifukwa chake ndimati kumanga makalasi ndi kulemba aphunzitsi ambiri si nkhani ya ana okha. Ngakhale malipiro atakwera kawiri, munthu amene sangathe kuloweza maina a ana ake teremu isanathe adzakhalabe ngati wolondera msika.

Wina anganene kuti ndikujambula mphunzitsi wa m'maloto, pamene ambiri anangogweramo. Mapointi a MSCE sanakwane kupita ku yunivesite, ntchito ina sinapezeke, ndiye anakalowa ku TTC podikira kuti mwina kutsogolo kudzatseguka kwina. Izinso n'zoona, ndipo sindiona chochititsa manyazi pamenepo. Alimi athu ambiri sanasankhe khasu, koma mukawaona akuyendera mizere ya fodya amene wakula bwino simungakayike kuti akunyadira. Kukonda ntchito nthawi zambiri kumabwera pambuyo pa luso. Munthu amayamba kukonda chimene wayamba kuchitha. Umboni wake tili nawo m'mbiri yathu yomwe. Ana atasefukira mu 1994, boma linalemba anthu zikwi zambiri osaphunzira za uphunzitsi, linawaonetsa njira kwa masabata ochepa n'kuwapatsa choko, ndipo maphunziro awo enieni anadzawapeza ali kale pa ntchito kudzera mu ndondomeko ya MIITEP. Palibe amene angati onsewo anamva kuitana. Koma mwa iwo munatuluka aphunzitsi amene anakhalitsa, ena n'kukhala ahedi ndi alangizi a m'mazoni. Chimene chimasiyanitsa amene amafika poikonda ntchitoyi ndi amene amangoikoka ngati ngolo, ndikuganiza, ndi ngati m'zaka zawo zoyamba anapeza wina wowaonetsa kaphunzitsidwe, n'kulawako kamodzi kukoma koona mwana akumvetsa. Ndipo apa pali chenjezo limene sitiyenera kulibisa. Mphunzitsi amene sapeza chokoma m'kuphunzira kwa mwana amayamba kufuna phindu lina mwa mwana yemweyo: amamutuma kumunda kwake nthawi ya kalasi, amasunga zofunika kuti akaziphunzitse ku pati taimu yolipiritsa, ndipo oipitsitsa amasandutsa atsikana a m'kalasi mwawo akazi awo. Otere ayenera kuchotsedwa ndi kuimbidwa milandu, palibe kunyengerera. Koma kupezeka kwawo kukusonyeza kuti chikhutiro chimene ndikunenachi si chokometsera chabe ngati shuga m'phala. Ndi mpanda umene umateteza ana.

Nanga za ulemu? Achikulire amakumbukira nthawi imene mphunzitsi anali munthu wamkulu pamudzi, wa njinga ndi wailesi, wowerengera anthu makalata ochokera ku Joni ndi ku Halale n'kuwalembera mayankho. Sukulu za mishoni zinatulutsa anthu otere: Robert Laws anatsegula sukulu yaikulu ya ku Livingstonia mu 1894, ndipo ku Nkhoma kunachokera mphunzitsi Samuel Josia Ntara, amene analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa. Ulemu wa mtundu umenewo unapita, ndipo sudzabwerera. Koma tisalire mopitirira muyeso, pakuti mbali ina ya ulemuwo inkachokera ku kusowa: mphunzitsi ankaopedwa chifukwa anali yekha wodziwa kulemba. Lero mudzi uli ndi owerenga ambirimbiri, ndipo amene anachititsa zimenezo ndi mphunzitsi yemweyo. Anadzitsitsa yekha pa mpando pogawira ena chimene chinkamukweza. Chimene chatsala n'chaching'ono koma n'cholimba. Chisankho chikafika, ndi aphunzitsi ambiri amene amakhala pa matebulo oponyera voti. Pa maliro, kope la chipepeso limapatsidwa kwa aphunzitsi. Ndipo pali ulemu wina umene nduna siingaugule, wa bambo wa ndevu zake amene amavula chipewa pa depoti n'kunena kuti, "Sala, mwandiiwala? Munandiphunzitsa Sitandade 5." Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambiwu anthu amaumva ngati ukunena za kudya kokha, koma mphunzitsi wopuma pa ntchito amaudziwa mbali ina: kulikonse kumene angapite, ku chipatala, ku banki, pa rodibuloko, amapezako munthu womutchula dzina limene makolo ake sanamupatse.

Chotsutsa chimene chimandivuta kwambiri ndi ichi: nanga ana amene amatayika panjira? Pafupifupi theka la ana oyamba Sitandade 1 safika pomaliza Sitandade 8. Mtsikana amene ankakhoza masamu amakwatiwa, ngakhale malamulo a dziko anakonzedwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18. Mnyamata amapita ku nyanja kukakoka makoka, kapena amakwera basi ya ku Joni. Mwa amene amakhoza mayeso a PSLCE, si onse amapeza malo ku sekondale. Kodi mphunzitsi angakhutire bwanji ndi munda umene theka la mbewu zake limadyedwa lisanache? Kupweteka kwake n'kwenikweni, ndipo aphunzitsi abwino ndi amene amakumva kwambiri. Ndi iwo amene amayenda ndi amayi a mother group kukachonderera makolo kuti mtsikana amene wabereka abwerere m'kalasi, monga ndondomeko ya boma imalolera. Koma muyeso umene tikuyesera ndi wolakwika. Tazolowera kuona sukulu ngati makwerero opita ku yunivesite, moti aliyense wotsikira panjira timamuwerenga ngati wotayika. Mayi amene analekezera Sitandade 5 amawerenga yekha kamwedwe ka mankhwala a mwana wake, amaona tsiku la sikelo m'buku la kuchipatala, amatsimikiza uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba asanachoke pa ejenti, amayang'ana sikelo ya venda wogula soya n'kudziwa pamene akuberedwa. Palibe satifiketi imene imalemba zimenezi, koma ndi ntchito ya mphunzitsi wina amene mwina amaganiza kuti mwanayo anamulephera. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2002, ndipo m'kaundula wa sukulu anali mmodzi wa otayika aja. Makina ake a mphepo opangira magetsi anawatulukira m'mabuku a mu laibulale yaing'ono ya kwawo. Dziko lonse likudziwa dzina lake. Ndi ochepa amene amafunsa kuti anamuphunzitsa kutsegula buku ndani.

Apa ndi pamene ndimasemphana ndi mchitidwe umene uli m'sukulu zambiri. Popeza mbiri ya sukulu imayesedwa ndi chiwerengero cha ana osankhidwa kupita ku sekondale, ahedi akamagawa makalasi chaka chikamayamba amaika aphunzitsi awo odalirika ku Sitandade 8, nthawi zina atatu kapena anayi kugawana maphunziro m'kalasi ya ana 50, pamene Sitandade 1 ya ana 130 imasiyidwa kwa mayi mmodzi, ndipo ngati zipinda zaperewera, ndi iyo imene imatulutsidwa kupita pansi pa mtengo wa mango. Zotsatira za mayeso zikatuluka, oyamikiridwa ndi a ku Sitandade 8. Makolo amawabweretsera nkhuku, alangizi amawatchula pa msonkhano wa zoni. Sindikuwachitira nsanje, amagwira ntchito mpaka Loweruka ndi pa holide pomwe. Koma m'mera mpoyamba, ndipo mwana amene akuyankha mafunso a MANEB akugwiritsa ntchito chimene anapatsidwa zaka 7 zapitazo ndi munthu amene dzina lake silimveka pa msonkhanowo. Ahedi sangamange chipinda chatsopano kapena kulemba mphunzitsi wina, koma kagawidwe ka aphunzitsi amene ali nawo kale kali m'manja mwawo. Kuchotsa mphunzitsi mmodzi ku makalasi akumtunda n'kugawa Sitandade 1 ija pawiri sikufuna ndalama ya ku Capital Hill, ndipo ana 65 ndi ambiri ndithu, koma ndi chiwerengero chimene munthu angathe kuloweza maina ake mvula yoyamba isanagwe.